NTHANO ZA AHELENE ZIRI M'SUKULU, ZATHU ZIRI PA MLANDU

Abale owerenga, tiri ndi mlandu umene tifuna kuutula pamaso panu mwezi uno, ndipo tineneretu kuti ena a inu mudzapsa nao mtima, makamaka akuru a mpingo amene timadya nao m'mbale imodzi. Koma mbewa ya manyazi idafera kuuna, tsono tinena.

M'nyengo ya masika yapitayi, pa mudzi wina wa kwa Kabudula, tinakhala pansi pa mtengo kumva mlandu wa mai wina wokalamba, Mkristu wa zaka zambiri, wosajomba ku mapemphero. Cimo lace linali lakuti madzulo ena, ana alikutong'ola cimanga pakhonde, iye anawasimbira za Kaphirintiwa, ndi za moto woyamba, ndi za kangaude amene anakweza Cauta kunka naye kumwamba. Mwana wina anakanena kwao, mauwo nafika kwa mkuru wina wa mpingo, ndipo iye anati, Izi nza cikunja, gogoyu alikubweza ana ku mdima. Anamdzudzula pamaso pa anthu, ndipo nkhalambayo inapepesa, nilonjeza kuti sidzacitanso. Ife tinali pomwepo, ndipo sitinanena kanthu. Kukhala cete kwathu kwa tsiku lija kwatisowetsa tulo, ndico cifukwa cace tatenga colembera.

Cimene cinatilasa mtima ndi ici. Mdzukulu wa mkuru yemweyo, mnyamata wa ku sekondale, anaima pambali atabvala malaya olembedwa Nike pacifuwa. Agogo ace sadziwa kuti Nike ndilo dzina la mulungu wamkazi wa Ahelene, wokhala ndi mapiko, amene ankampembedza kuti awapambanitse pa nkhondo. Ndipo mnyamatayo akadzabwera tsiku lina ndi nkhani ya Prometheus wakuba moto, ataiwerenga m'buku la Cingerezi, agogo ace adzamuombera m'manja, nadzati mwana waphunzira. Tsono tifunsa: moto wa Prometheus ukhala maphunziro, moto wa ku Kaphirintiwa ukhala cikunja, anagamula cotero ndani, ndipo pa bwalo liti?

Ahelene, amene lero timati Agriki, anali anthu a milungu yambiri, ndipo ankati milungu yaoyo ikhala pa phiri la Olympus, mfumu yao ndiye Zeus. Nthano za milungu imeneyo zinayamba monga zathu, pakamwa pa oyimba, popanda pepala. Pambuyo pace, zaka ngati 700 Kristu asanabadwe, zinasonkhanitsidwa m'ndakatulo zazitali za Homer, ndizo Iliad ndi Odyssey, ndi m'ndakatulo za Hesiod. Musayese kuti ziri nthano zaulemu. Ife tinaziwerenga tiri ku sukulu ya uphunzitsi, ndipo zina tinacita nazo manyazi. Kronos, atate wa Zeus, ankameza ana ace akangobadwa, poopa kuti angamlande ufumu. Zeus yemweyo, mwamuna wa mwini, anasanduka ng'ombe yamphongo kuti abe namwali dzina lace Europa, namuolotsa nyanja kunka naye ku cisumbu ca Crete. Dzina la namwaliyo ndilo lomwe Azungu aitanira dziko lao lonse la Ulaya, ndipo Agriki a masiku ano, amene ali Akristu kuyambira kale lomwe, anasindikiza cithunzi ca namwaliyo ali pamsana pa ng'ombe pa ndalama yao ya citsulo ya ma euro awiri m'caka ca 2002. Mfumu ya kwathu ikadacita zimene anacita Zeus, ikadalipa mbuzi mpaka khola kutha.

Koma onani umo nthanozi zatizingira ife eni, ngakhale pano pa Nsaru. Buku la mapu limene ana anyamula amati atlas, ndipo Atlas ndiye cimphona cimene cinalangidwa kusenza thambo paphewa. Njoka yozinga ndodo, imene muiona pa cizindikiro ca bungwe la za umoyo la dziko lonse ndi pa magalimoto ena onyamula odwala, ndiyo ndodo ya Asclepius, mulungu wao wa mankhwala. Masewera a Olympic anayamba ngati cikondwerero ca Zeus pa Olympia, monga iwo awerengera, m'caka ca 776 Kristu asanabadwe. Anaukitsidwanso ku Athens mu 1896, ndipo Malawi anatumizako anyamata ace koyamba mu 1972 ku Munich, popanda mpingo uli wonse kuwaimitsa. Combo cimene cinafikitsa anthu pa mwezi mu 1969 anacipatsa dzina la Apollo. Okonda mpira adziwa timu ya Ajax ya ku Amsterdam, ndiye ngwazi ya m'ndakatulo za Homer. Ndipo mlembi wa mpingo akalemba Januwale kapena Malici pamwamba pa buku la msonkhano, alikulemba maina a Janus ndi Mars, milungu ya Aroma, amene anatengera zambiri za cipembedzo cao kwa Ahelene omwewo.

Tsegulani Buku Lopatulika lomwe. Pa Macitidwe 14, Paulo ndi Barnaba ataciritsa munthu wopunduka, anthu a mudziwo anayesa Barnaba Zeus, nayesa Paulo Hermes, mthenga wa milungu, popeza ndiye ankatsogolera kunena; wansembe nabwera ndi ng'ombe kuti awaphere nsembe, ndipo atumwiwo anang'amba zobvala zao, nakana kolimba. Koma Paulo yemweyo, pa mutu 17, ataima pakati pa anthu a ku Athens, mudzi umene Buku lathu liulemba Atene, sanawalamulira kutentha ndakatulo zao. Anatenga mau a Aratus, mlakatuli wao, mau amene mwini wace anawalembera Zeus, nawagwiritsa nchito poonetsa kuti anthu onse ali mbadwa za Mulungu. Pa mutu 28 anakwera ngalawa yokhala ndi cizindikiro ca Castor ndi Pollux, mapasa amene ankati ndi ana a Zeus, ndipo sitimva kuti anatsikamo. Ngakhale liu lija Hade, limene timaliwerenga pa maliro m'buku la Cibvumbulutso, ndilo dzina la Hades, mulungu wa Ahelene wolamulira dziko la akufa. Mtumwi anadziwa kusiyanitsa nsembe ndi nthano: nsembe anaikana, mau anawasunga. Ife takana zonse pamodzi, ngati munthu wotaya nsima cifukwa mwagwa kacitsotso m'ndiwo.

Tsono tiyeni tiike nthano ziwirizo pamphasa imodzi, kuti muweruze nokha.

Ahelene amati Zeus anabisira anthu moto, cifukwa Prometheus anamnyenga pogawa nyama ya nsembe, nampatsa mafupa okutidwa ndi mafuta. Prometheus anakaba motowo kumwamba, naubisa m'phesi, naupatsa anthu. Zeus anakwiya, nammanga pa thanthwe, natuma ciombankhanga kuti cizidya ciwindi cace usana, ndipo usiku ciwindico cinkameranso kuti mawa cidyedwenso. Anthu nao anawalanga powatumizira mkazi dzina lace Pandora, amene anabvundukula mtsuko, ndipo munaturuka nthenda ndi mabvuto onse, mutatsala ciyembekezo cokha. M'nthano imeneyi mulungu ndiye woumira ndi wa nkhanza, wakuba ndiye ngwazi, ndipo mlandu wonse augwetsera pa mkazi.

Makolo athu ankati pakuyamba dziko linali louma, lopanda camoyo. Tsiku lina mitambo inasonkhana, mphezi zinang'anima, thambo linatseguka, ndipo mu mvula yaikuru Cauta anatsika pamodzi ndi mwamuna ndi mkazi woyamba ndi nyama zonse, natera pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama. Mukaima pa Mpingu m'mawa kopanda nkhungu, nimuyang'ana ca kumwera, mapiriwo muwaona ndi maso anu. Thanthwe linali likali lofewa ngati dothi la mtapo, ndipo mapazi a anthu ndi a nyama anatsalira pomwepo, pamodzi ndi pamene anaika khasu, licero ndi mtondo. Mbeu zinamera, cakudya cinacuruka, ndipo Cauta, anthu ndi nyama anakhala pamodzi mu mtendere. Koma tsiku lina mwamunayo anatenga timitengo tiwiri, kena kolimba kena kofewa, nayamba kupeka. Anamcenjeza kuti aleke, iye osamva. Moto unabuka, nugwira udzu, chire lonse niliyaka. Garu ndi mbuzi anathawira kwa munthu. Njobvu, mkango ndi zinzao zinathawira kuthengo ziri ndi ukali umene sunathe kufikira lero. Birimankhwe anakwera mumtengo, naitana Cauta kuti amtsate, koma Cauta anati wakalamba, sakhoza kukwera. Pamenepo kangaude analuka ulusi wace, namkweza kumwamba. Ndipo Cauta, atapitikitsidwa cotero ndi moto wa munthu, ananena kuti kuyambira tsopano munthu adzafa, nadzamtsata komweko.

Abale, nthano iti mwa ziwirizi iri pafupi ndi mutu wacitatu wa Genesis? Ya kwathu inena kuti pakuyamba zonse zinali bwino, kuti Mlengi anakhala pakati pa anthu, kuti munthu anacenjezedwa koma sanamva, ndi kuti kulekana kwa Mulungu ndi munthu, pamodzi ndi imfa, kunadza ndi dzanja la munthu mwini. Sinamizira Mlengi nkhanza, ndipo siponya mwala pa mkazi. Tsono imene iri pafupi ndi Malembo ndiyo taitengera ku bwalo, ndipo imene iri kutali taiika m'kabati ya mabuku.

Ndiponso nthano yathuyi iri ndi nzeru ya caka cathu ca ulimi. Wansembe wina wa ku Holland, Matthew Schoffeleers, amene anafufuza zinthu izi zaka zambiri m'dziko muno, anaona kuti nthanoyi itsata nyengo: mvula itsika ndi moyo, ndipo moto wa m'chire wa mwezi wa Okutobala ukweza utsi kumwamba. Mwana ali yense amene anaocha chire posaka mbewa, naona moto ulikumpulumuka kunka ku nkhokwe za eni, amva nthanoyi popanda womtanthauzira. Ndipo ife akuru, poona njinga zosenza matumba a makala zirikutsika ku Dzalanyama usiku ndi usana, mapiri amene muturuka mtsinje wa Lilongwe, kodi tinganene kuti nkhani ya munthu wopitikitsa Mlengi wace ndi moto yatha nchito?

Tidziwa cimene mkuru uja angatiyankhe, ndipo sitimpeputsa, pakuti yankho lace liri ndi mafupa. Adzati, Nthano za Ahelene ndi tsobola wakale, sawawa. Palibe lero wophera Zeus ng'ombe. Koma za kwathu zikali ndi moyo. Ku Msinja anthu akumbukirabe Makewana, mai wa ana, amene sankameta tsitsi kuti angatseke mvula, ndi njoka Thunga, ndi ng'oma Mbiriwiri imene ankaimba Tsang'oma. Nyau zikali kubvina m'midzi yathu, ndipo mwana wokonda nthano mawa adzafuna kukaona ku dambwe. Makolo athu m'cikhulupiriro anasautsidwa kuti aturuke m'zimenezo, tsono inu mufuna kutibwezamo?

Mau amenewo ngolemera, koma mbiri ya Mpingo iwatsutsa. Pamene Akristu oyamba anasankha kusunga mabuku a Homer, tsobolayo anali akali kuwawa. Akacisi a milungu anali otseguka, nsembe zinali kupsa, ndipo masewera a Zeus pa Olympia anali asanaleke. M'caka ca 362 mfumu ya Aroma dzina lace Julian, amene anataya Cikristu nabwerera ku milungu yakale, analamula kuti Akristu asaphunzitsenso mabuku a Ahelene m'sukulu, popeza sakhulupirira milungu ya m'menemo. Mukadayesa kuti Akristu anakondwa kuti awacotsera katundu wa cikunja. Iai, anadandaula kwambiri, ndipo Gregory wa ku Nazianzus anamlembera mau owawa, nanena kuti cinenero ndi maphunziro a Ahelene siziri za opembedza mafano okha. Bwenzi lace Basil, bishopu wa ku Caesarea, analembera anyamata kabuku kowalangiza kuti awerenge mabukuwo monga njuci icita ndi maluwa, kutenga uci ndi kusiya zotsala. Zaka mazana ambiri pambuyo pace, amonke ndi alembi a Cikristu ndiwo anakopa mabukuwo ndi manja, mpaka makina osindikiza anafika. Ndipo ca m'ma 1511 mmisiri Raphael anajambula Apollo ali pakati pa alakatuli pa khoma la cipinda ca Papa ku Vatican, ndipo cithunzico cikalipo. Akristu a ku Ulaya analeka kupembedza milungu ya makolo ao, koma nthano za makolowo anaziweta ngati ng'ombe, ndipo zawakamira mkaka wa ndakatulo, masewero, zosema ndi nyimbo kufikira lero.

Mkakawo wafika ndi ku Afrika komwe. Nelson Mandela ali m'ndende pa Robben Island anasewera mbali ya mfumu Creon m'sewero la Antigone, la mkazi amene anaika maliro a mlongo wace mfumu italetsa. Mcewa ali yense wodziwa kulemera kwa maliro angamve sewero limenelo. Ku Nigeria Ola Rotimi anatenga nthano ya Oedipus naibveka zobvala za Ciyoruba mu 1968. Kwathu kuno Dr. Hastings Kamuzu Banda, potsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, analamula kuti ana aphunzire Cilatini ndi Cihelene. Ife sititsutsa zimenezo, mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Tingofunsa kuti mwana wodziwa maina a ana a Zeus, koma wosadziwa kuti kangaude anacitanji pa Kaphirintiwa, waphunzira kapena wangosamuka?

Timveke bwino. Sitinena kuti mapazi a pa thanthwe lija ngoonadi a munthu woyamba, monganso Mgriki wa lero sakwera Olympus kukafuna mpando wa Zeus. Sitituma mwana wa Mkristu ku dambwe, kapena kukathira nsembe ku Msinja. Malamulo a mipingo pa zimenezo tiwasiya m'manja mwa eni ace. Ndipo sitinena kuti zakale zonse zinali zokoma, pakuti mbiri yomweyo inena kuti mvula ikakana, Tsang'oma ndiye ankasenza mlandu, nalipa ndi moyo wace. Zimenezonso ana azimve, kuti adziwe kuipa kwa kusenzetsa munthu mmodzi tsoka la dziko lonse. Cimene tikana ndico kuyesa nthano nsembe. Ndipo mkuru amene aopa dzina la Cauta pakamwa pa gogo afunse anzace a mipingo imene iwerenga Buku Loyera, lomasuliridwa pamodzi ndi Akatolika ndi Aprotestanti niliturutsidwa mu 1998. M'menemo, pamene Buku Lopatulika la 1922 lilemba Yehova, iwo analemba Chauta. Dzinalo omasulirawo sanalitola ku Ulaya. Analipeza losungidwa ndi agogo onga uja tinamcititsa manyazi. Ndipo mkuru yemweyo akaona utawaleza mvula itakata, achula dzina la Leza popanda kulapa.

Pamene nthano zathu zapatsidwa mpata, zabala. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa misyoni ya ku Nkhoma, Mkristu wodziwika, amene buku lace Nthondo linapambana mphotho, anayenda kwa nkhalamba nalemba Mbiri ya Acewa m'zaka za m'ma 1940, ndipo misyoni yomweyo inasindikiza. Steve Chimombo anaturutsa sewero la The Rainmaker mu 1978, lonena za Mbona ndi za ku Msinja, ndi ndakatulo za Napolo mu 1987. Jack Mapanje, m'masiku amene kunena poyera kunali kobvuta, anabisala kumbuyo kwa birimankhwe m'buku lace Of Chameleons and Gods la mu 1981, ndipo anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 kufikira 1991. Nthano yopanda mano sikadaopsa boma. Ku Mua, Bambo Claude Boucher anayamba nchito ya Kungoni mu 1976, ndipo amisiri a kumeneko asema ndi kujambula nkhani ya Kaphirintiwa pa malo a misyoni, popanda denga la chalichi kugwa. A UNESCO analemekeza gule wamkuru mu 2005, ndi zojambula za pa matanthwe a Chongoni, malo 127, mu 2006. Alendo aoloka nyanja kudzaona zimene ife tiletsa ana athu kumva.

Koma anyani sasekana zikundu, ndipo ife aphunzitsi tiri ndi cathu cikundu. Zambiri za zimene tachulazi zinalembedwa m'Cingerezi, cimene gogo wa kwa Kabudula sangawerenge. Nthano yace inapita ku yunivesite, iye mwini natsala pa mlandu. Ndipo ife tomwe, zaka makumi awiri ndi mphambu tiri ndi coko m'manja, taphunzitsa ana kuti nyenyezi yowala ya m'mamawa ndi ya madzulo iri imodzi, dzina lace Venus, ndiye Aphrodite wa Ahelene. Koma sitinawauzepo kuti Anyanja akale ankati ndiwo akazi awiri a mwezi, Cekecani wa kum'mawa amene amana mwamuna wace cakudya mpaka aonde, ndi Puikani wa kumadzulo amene amnenepetsa. Tinaopa kuti oyang'anira sukulu angatiyese osaphunzira. Amisiri athu a matabwa a ku Namitete adziwa kupala mpando wosalala ngati galasi, koma ndani wa ife anawapemphapo citseko ca sukulu cosemedwa kangaude ndi ulusi wace?

Cimene tipempha ncacing'ono. Akuru a mpingo aleke kuimika nkhalamba pa bwalo cifukwa ca nthano. Mphunzitsi ali yense agule buku limodzi la mizere, apite nalo kwa okalamba a m'mudzi mwace, akhale pansi pa mphasa, alembe monga iwo anena, m'Cicewa cao, osakonza kuti zifanane ndi Genesis kapena ndi Homer. Hesiod sanali mfumu kapena wansembe. Anali mlimi woweta nkhosa.

Ife tayamba, mocedwa. Sabata ziwiri utatha mlandu uja tinabwerera kwa gogoyo ndi buku lathu ndi kathumba ka mcere. Poyamba anakana, natifunsa ngati sadzamuimitsa Mgonero tikalemba. Tinamlonjeza kuti dzina lace silidzaoneka, ndipo anatseka citseko, nasimba monong'ona, masana dzuwa liri pamutu. Iye anena kuti amene anacenjeza mwamuna uja kuti aleke kupeka moto ndiye mkazi wace. Koma nkhalamba yina ya ku Nsaru itiuza kuti anamcenjeza ndi nyama zonse, ndi kuti nkhuku nayo inathawira kwa munthu pamodzi ndi garu ndi mbuzi, cimene gogo wathu akana kwa mtu wa garu. Ngati alipo wowerenga wa ku Nambuma kapena ku Namitete amene adamva za nkhukuyi kwa agogo ace, atilembere msanga kudzera kwa Mkonzi, pakuti tifuna kubwererako mvula isanagwe, ndipo tsiku lija tinamsiya gogoyo alikutsokomola.